Chiphaso Chomangira Nyumba Chakanikanso

Okondedwa akulu anga,

Landirani moni wochokera kuno ku Kasenengwa. Tonse tili bwino, koma amayi miyendo ikuwavutabe.

Lolemba ndinapitanso ku Boma, ulendo wachitatu, kukapempha chiphaso choti ndizilandira ntchito zomanga pandekha. Mzungu woona za nyumba anandipatsa njerwa kuti ndimange ngodya ya khoma iye akupenya. Atayeza, anati yawongoka bwino. Mumtima ndinati lero zatheka.

Koma kalaliki anandifunsa, "Bambo, kalata ya bwana amene munkamumangira ili kuti?"

Ndinati, "Bwanayo anagulitsa munda wake nkhondo itangoyamba. Mabalani a fodya amene ndinamumangira alipo, tiyeni mukawaone."

Iye anati, "Mabalani salemba kalata," naitana munthu wina.

A Yusufu, aja ankafuna ndiwamangire sitolo, andidikira miyezi iwiri, ndipo tsopano apatsa wina. Ndatopa, akulu. Ku Bomako ndinabwerera wapansi.

Ndamva kuti bwanayo ali ku Halale komweko. Chonde mumufunefune, andilembere mizere iwiri yokha. Zikakanika, mvula ikagwa ndingogwira khasu.

Mulungu akusungeni kuchilendoko.

Ine mng'ono wanu,
Yelemiya