Ndimagona dala kuti mwana wanga andiimbire foni

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 74. Ndinayendetsa basi zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo pa zaka zonsezo palibe tsiku limene bwana anandidikirapo pa depoti. Folo koloko m'mawa inkandipeza nditadzuka kale, popanda wotchi yondidzutsa. Ndayamba ndi zimenezi kuti mumvetse manyazi amene ndili nawo lero.

Mkazi wanga anamwalira zaka ziwiri zapitazo, ndipo ndinatsala ndekha m'nyumba imene tinamanga awiri. Mwana tinabereka mmodzi, wamkazi. Ndi namwino, amakhala ndi banja lake kutali, ulendo wa maola anayi. Chimwalirireni mayi ake, ankandiimbira foni tsiku lililonse sikisi koloko akupita kuntchito. Mawu ake anali omwewomwewo: "Ababa, mwadzuka? Mankhwala mwamwa?" Sitinkacheza zambiri ayi, mwina za mvula, mwina za bondo langali. Koma tsiku langa linkayambira pamenepo.

Chaka chatha ndinaterereka m'bafa ndipo ndinakhala pansi maola atatu mpaka neba anamva kukuwa kwanga. Sabata yotsatira mwana wanga anabwera ndi mwamuna wake atanyamula makatoni. Mkamwini wangayo ndi munthu wabwino, wodziwa za makompyuta. Anaika kachipangizo mukolido kozindikira munthu akadutsa, magetsi oyaka okha, ndi kasipika pa tebulo kondikumbutsa kumwa mapiritsi. Poyamba ndinakana, ndinati sindinafike polamulidwa ndi kabokosi. Mwana wanga anakhala nane masiku atatu kundiphunzitsa mosatopa, mpaka analemba zonse ndi zilembo zikuluzikulu n'kumata pa filiji. "Ababa, phunzirani chifukwa cha ine, kuti mtima wanga uzikhala m'malo," anatero. Ndinaphunzira ndithu, mpaka anandiyamikira kuti ndaposa achinyamata.

Tsono ndikadutsa mukolidomo m'mawa, pa foni yake pamayaka kadontho kobiriwira, kusonyeza kuti nkhalamba yadzuka. Ndiye aimbirenji? Mafoni a sikisi koloko aja anayamba kudumpha masiku, kenako anatsala a Lamlungu okha. Sindimuimba mlandu, ntchito yake ndi yolemetsa ndipo ali ndi ana atatu. Koma pali masiku amene mawu okhawo omveka m'nyumba muno ndi a kasipika: "Nthawi yomwa mankhwala yakwana." Tsiku lina ndinangozindikira nditakayankha kuti zikomo amayi.

Miyezi inayi yapitayo ndinadwala chimfine n'kulephera kudzuka. Itangokwana eyiti koloko foni inalira. "Ababa! Muli bwino? Bwanji simunadzuke?" Tinacheza mphindi makumi awiri. Anandifunsa zomwe ndadya dzulo lake, tinakumbukira mayi ake, tinaseka. Chimfine chinatha, koma chinandisiyira nzeru yoipa.

Chiyambire pamenepo, kawiri kapena katatu pa sabata ndimagona dala. Maso amatseguka folo koloko monga kale, koma ndimangokhala chagada kuyang'ana kudenga, kumvetsera mabasi akudutsa mumsewu. Mkodzo umandithina koma ndimapirira, poti chimbudzi chili kumapeto kwa kolido. Maola anayi, Aphungu, munthu wamkulu ngati ine. Foni ikalira ndimaileka ilire katatu, kenako n'kuyankha ndi mawu a tulo.

Tsopano zandibwerera. Mkamwini anaonetsa mkazi wake mndandanda wa masiku onse amene ndinachedwa kudzuka. Anabwera n'kupita nane kwa dokotala, ndipo ngakhale dokotalayo sanapeze kanthu, awiriwo agwirizana kuti kumapeto kwa mwezi uno ndikakhale kwawo, m'chipinda cha kumbuyo, nyumba ino igulitsidwe. Muno muli makatani amene mkazi wanga anasoka yekha. Kapu yake ikadali pa shelefu pamene anaisiya. Tsiku limene tinachokera kwa dokotala ndinamumva mwana wanga akulira kukhitchini, akuuza mwamuna wake kuti, "Ababa akutha ine ndikuona. Amayi anayambanso chonchi." Ine ndinali pabalaza, wabwinobwino.

Ndikaulula, andiona ngati kamwana konama. Ndikapanda kuulula, nyumba yanga yapita. Ndichite chiyani?

W.T., kuno kutauni

Bambo W.T.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri ndipo yandimvetsa chisoni kwambiri. Koma simunandilembere kuti ndikulireni, ndiye ndikuuzani mosapsatira: ululani, ndipo ululani mawa, makatoni osamukira asanafike.

Mukuopa manyazi, koma manyaziwo ndi a mphindi khumi zokha. Mwana wanu anaika kale mayi ake m'manda, ndipo pano wayamba kukulirani inu muli moyo, pa matenda amene kulibe. Katundu ameneyo musamusenzetse tsiku linanso.

Pali chimodzi chimene simunachione. Munthu amene ali pakati pa odwala, koma n'kusiya zonse kuti aimbe foni kadontho kakapanda kuyaka, sanakuiwaleni. Amakuyenderanibe m'mawa uliwonse, kungoti amachitira pa foni yake, inu osamumva. Iye ankaganiza kuti mafoni a sikisi koloko anali ofuna kudziwa ngati mwadzuka, ndipo kachipangizo kanayamba kumuyankha funsolo. Sanadziwe kuti chimene inu munkadikira ndi mawu ake. Nanga akanadziwa bwanji inu osamuuza? M'kalata yonseyi simunatchulepo tsiku limene munaimba ndinu. Foni yanuyo imangolandira basi, adalaivala?

Lankhulani naye madzulo akaweruka, iye yekha, mkamwini adzamva pambuyo. Musazungulire. Nenani kuti simukudwala, mumagona dala kuti mumve mawu ake. Mwina akwiya. Mulekeni akwiye, ali ndi chifukwa, walira misozi yambiri pachabe. Mkwiyo ukatsika mupemphe chimene mukufuna: mphindi ziwiri m'mawa, pa masiku amene iye angakwanitse, masiku enawo muziimba ndinu.

Kenako bwererani kwa dokotala mukamuuze zoona. Kusunga mkodzo maola anayi komanso kuchedwetsa mapiritsi kwa miyezi inayi si masewera pa msinkhu wanu, akupimeninso. Zipangizozo musazizule. Kugwa m'bafa kuja kunali koona, ndipo zipangizo zomwezo ndi zimene zingakutetezereni nyumba. Pemphani mwana wanu ndi mwamuna wake aimitse zogulitsa kwa miyezi iwiri, aone kadontho kakuyaka folo koloko tsiku ndi tsiku. Sindingakulonjezeni kuti avomera, koma popanda kuulula mulibe poyambira.

Komanso mwana mmodzi sangadzaze zipinda zonse za nyumba. Neba amene anakumvani mukukuwa uja, muitaneni adzamwe tiyi. Anzanu a pa depoti si onse anapita, afunefuneni.

Chenjezo langa ndi ili. Kachipangizo ka mukolido kali ndi ntchito imodzi, kukuwa m'malo mwanu tsiku limene simudzatha kukuwa. Mukapitiriza kukanamiza, tsiku limenelo wina adzayang'ana pa foni n'kunena kuti asiyeni, agonereza ngati masiku onse.

Ndiye mawa maso akatseguka dzukani, dutsani mukolidomo, pitani kuchimbudzi ngati munthu wa m'nyumba mwake. Sikisi ikakwana imbani ndinu, mumuuze kuti madzulo muli naye mawu. Adzayankha mwamantha kuti, "Ababa, kwagwanji?" Mwana ameneyo wakhala akukufunsani funso limodzi kwa zaka ziwiri. Mawa mumufunse ndinu: "Mwananga, wadzuka bwanji?"