Chala Changa Sindidinda

Lachitatu, 9 Okutobala

Wokondedwa mwana wanga,

Wandichita chipongwe. Moni ndikupatsa kumapeto, mtima ukatsika. Kalata imene unalembera abwana a ku fakitale kuti andipumitse ntchito ndaiona, ndipo ndaiwerenga ndi maso angawa. Usafunse kuti wandiwerengera ndani. Usafunsenso amene akundilembera inoyi. Zilembo zokhotakhota ngati mizu ya nyembazi ndi zanga.

Lolemba, belu la nkhomaliro litangolira, kapitawo anabwera pa makina anga nati, "Amayi, akukufunani ku ofesi." Ndinapita ulusi uli m'mutu. Abwana atsopanowa timawatcha a Tayi, chifukwa ngakhale kutenthe bwanji samasula chingwe cha m'khosicho. Anandipatsa mpando, chinthu chimene sichinachitikepo pa zaka makumi atatu ndi ziwiri zimene ndasoka matumba pamalopo. Ndinadziwiratu kuti pali nkhani.

"Agogo," anatero, "kwabwera lamulo kuchokera ku likulu. A msinkhu wanu azikapuma. Si ine ayi, ndi lamulo. Mungodinda chala apa."

Anatuluka kukatenga inki, mapepala n'kuwasiya poyera pamaso panga ngati awasiyira mpando. Pamwamba panali pepala lolemba pamanja. Dzanja lako lingandisowe ine? Ndinayendetsa chala, liwu limodzilimodzi. "Mayi anga akalamba, maso afooka. Sadziwa kuwerenga, choncho muwauze kuti ndi lamulo la kampani. Musawauze kuti ndapempha ndine, ndi ouma mutu." Pa kuuma mutupo sunaname.

Atabwera ndi inki yawo ndinati, "Bwana, bwerekeni cholemberacho." Anaseka. "Mukufuna kujambula maluwa, agogo?" Ndinalemba AYI wamkulu, kudzaza pepala lawo lonse. Kenako ndinawawerengera kalata yako mokweza, chitseko chili pululu, anzanga a pa sikelo akumva. Tsiku limenelo tayi ija anaimasula.

Ndikudziwa kuti wagwira pakamwa. Kusukulu sindinapondeko, ndipo sindichita nazo manyazi; ndinakuphunzitsa iwe mpaka unamaliza ndi manja omwewa. Aphunzitsi anga ndi mbewu. Bambo wogulitsa mbewu kumsika amazikulunga m'timapepala n'kulembapo dzina. Ine njere ndimazidziwa ndi maso: ya anyezi ndi yakuda ngati khala, ya tomato yaphwatalala, ya kabichi yozungulira ngati kampira ka ana. Ndiye ndinkatsegula kapepala, kuona njere, kuona chimene walemba. Timapepalato ndimatibaya pa timitengo kumutu kwa bedi lililonse la m'dimba langa, ndipo m'mawa pothirira ndinkayenda ndi kheni kudzanja, ndikutchula bedi ndi bedi. Mayi a mapasa, a khomo loyandikana nalo, anandifunsa tsiku lina pampanda kuti, "Kodi anzanga, mwayamba kupempherera ndiwo?" Ndinati eya, n'chifukwa chake zanga zimaposa zanu. Zaka zitatu ndakhala ndikuchita zimenezi. Nditamaliza dimba ndinayamba zikwangwani za ku fakitale, kenako buku la nyimbo limene anasiya malemu bambo ako. Sindinauze munthu. Ndinkafuna pa tchuthi ndidzakhazike adzukulu pamwendo, ndidzatsegule buku, ndidzaone nkhope yako. Chimenecho wandilanda.

Makalata ako onse amene ndimasunga m'chitini ndawawerenganso ndekha. Ndapeza kuti mayi a mapasa, amene ankandiwerengera, ankalumpha mizere. Pa kalata ya chaka chatha ija pali pamene unalemba kuti, "Apa musawawerengere," kenako n'kunena kuti unagona m'chipatala milungu iwiri. Ine kuno ndikudya, ndikuseka, mwana wanga ali pa bedi la chipatala! Ndinaiwerenga katatu, ndipo kachitatu sindinaone bwino zilembo. Ukuganiza kuti ndinakubala kuti uzindibisira?

Chabwino, nanenso ndinabisa changa. Mwezi watha singano ya makina inandiboola chala, kulowa kuno kutulukira uko. Ndinamanga kansalu n'kumaliza matumba anga, sindinasiye ndi limodzi lomwe. Ndikudziwa kuti amene anakuuza ndi mayi a mapasa omwewo, pakamwa pawo sipaola. Ndi zoonanso kuti ulusi sulowanso pa singano ulendo woyamba; achemwali a pa makina oyandikana nawo amandilowetsera kapitawo akayang'ana kumbali. Ndavomera. Koma makina aja ndimawamva ndi khutu. Asanadule ulusi amasintha mawu, ndipo ine ndimaimitsa atsikana atsopanowa asanadziwe n'komwe kuti kwatani. Makina a ku fakitale kuno akutha, lamba amaduka kawiri pa tsiku, fumbi la matumba tikulimeza chifukwa mazenera anawakhomera, koma palibe amene akuti makinawo akapume. Akuti ndipume ine. Ofunika ndi magalasi, mwana iwe, osati kupuma.

Kodi unaiwala kuti nyumba ino ndi ya kampani? Ntchito ikatha, makiyi ndibweza, dimba n'kupita nalo limodzi. Pamene tinkalowa muno ndi bambo ako, kuseri kuno kunali zidutswa za njerwa zokhazokha. Ndinazitola ndi manja, ndinasenza manyowa pamutu, zinyalala za ulusi za ku fakitale ndinkabwera nazo kudzakwirira. Lero dothi lake ukhoza kulowetsa mkono mpaka m'chigongono. Iwe wati udzanditenga ndikakhale kwanu, m'nyumba ya m'mwamba ija, kumene dothi lonse lili m'kachitini ka maluwa pa zenera. Ndizikachita chiyani? Kuwerenga magalimoto? Anyezi ndawokera sabata yatha, mabedi anayi. Adzazula ndine.

A Tayi akuti kalata yako yalowa kale m'failo, ndipo akuluakulu a ku likulu akubwera pa 25 mwezi uno. Popanda ina yochokera kwa mwini wake yoikana, aikhulupirira yoyambayo, chifukwa mwana sanganamizire mayi ake. Ndi mmene anenera iwowo. 

Moni uja nawu tsopano. Undiperekere kwa mpongozi wanga. Ndikudziwa kuti nzeruzi si zake. Adzukulu uwauze kuti m'envulopumu muli timapepala titatu ta njere, mayina ndalemba ndine, awerenge aone ngati agogo akhoza. Iwenso uzimwa mankhwala ako, ndipo ukadwalanso ulembe poyera. Ine ndili bwino, chala chapola.

Bambo ako ankakutcha Kalembera chifukwa unkalemba ndi pa zipupa pomwe. Tsono iwe Kalembera, khala pansi lero lomwe, osati mawa, ulembere a Tayi kuti unalakwitsa ndipo mayi ako akhalebe pa makina awo. Ulembe ziwiri zofanana, ina unditumizire kuno. Zilembo zikhale zikuluzikulu. Ndiiwerenga ndekha, osalumpha mzere.

Ndine mayi ako,
wouma mutu uja