Makiyi Sindipereka

Okondedwa asuweni,

Ndikhulupirira muli bwino kutaliko. Kuno tilipo, kungoti mtima sukhala pansi.

Galimoto yanga yakale ija ikuyendabe. Popeza mwendo wamanzerewu wasiya kumva, wowotcherera zitsulo wandiikira chogwirira cha waya, ndiye kilatchi ndimangokoka ndi dzanja. Ndimaopa kuti wayayo angaduke panjira, choncho wina ndimayenda naye m'thumba.

Mwana wanga wamkulu akuti, "Ababa, perekani makiyi, mudzatiphera anthu." Ndamuuza kuti buleki ndimaponda ndi mwendo wabwinowu. Ndikudziwa wakuimbirani kuti mundinyengerere. Musavutike.

Adokotala aonanso chala chakuphazi chimene chada chija, ndipo atchula Lachinayi kuti ndilo tsiku la opaleshoni. Zinazo tidzakamba. Kuchipatalako ndipita ndikuyendetsa ndekha. Za pobwerera sindinaganize.

Ndine msuweni wanu.