Chotsekera chakana kulowa m'botolo

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ife kuno ku Kabushi tilipo, ngakhale mtima wanga sukukhazikika.

Ndiyambe ndi zabwino. Mkazi wa achimwene ku Mindolo wachira, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu yeniyeni, ukali tiona akakula. Kamunda kanu ka ku Twapia katipatsa mbatata zambiri chaka chino, koma mtedza mbewa zinatithandiza kukolola. Denga la kukhitchini likudonthabe pomwe paja.

Chandilembetsa kalatayi ndi Misozi, chitsiriza wanu, amene munandisiyira m'manja muli pa bedi la kuchipatala. Chimalizireni sukulu ntchito sanaipeze, amangondithandiza kugulitsa chakumwa cha munkoyo pamsika. Tsono mwezi watha kutchalitchi kunabwera bambo wina, a Chanda, wa nsapato zowala ngati sayenda m'fumbi lathuli. Akuti akulemba atsikana okagwira ntchito ya nyengo yokolola mphesa ku Kepi, ku South Africa, pa famu yopanga vinyo. Misozi anakatenga pasipoti osandiuza.

Bamboyo anafika mpaka pakhomo, atanyamula botolo la vinyo lopanda kanthu ngati umboni. Ndinamufunsa ntchito yake yeniyeni. Iye akumwetulira anati, "Ni nchito yopepuka, mayo. Anyamata ndiye athyola mphesa. Atsikana ankhala chabe pa mpando, kulowetsa zotsekera m'mabotolo na manja. Three months, abwela na ndalama." Anawonjeza kuti mapasipoti onse asunga yekha, kuti ana angataye.

Amayi, mabotolo ndiye munda wanga. Zaka zonsezi ndimatola mabotolo a vinyo kuseri kwa malo ogona alendo m'tauni, kuwatsuka n'kuthiramo munkoyo. Zotsekera zake zija, zofewa zokhala ngati chitsononkho, ndili nazo chitini chodzaza. Palibe n'chimodzi chomwe chimene ndinachibwezapo pakamwa pa botolo osayamba ndachisema ndi mpeni. N'chonenepa kuposa khosi la botolo, ndipo woperekera zakumwa kumeneko anandiuza kalekale kuti amachifinya ndi makina.

Ndinatenga chimodzi m'chitini muja n'kumupatsa. Ndinati, "Tationetsani, bambo, mwanayu aphunziriretu." Anachikankhira pakamwa pa botolo lake lija ndi chala, chinakana. Anapotokola, anamenya ndi chikhatho, thukuta kamukamu, chotsekera chili pamwamba ngati chipewa. Kenaka anati za ku famu n'zamtundu wina. Dzina la famuyo nditamufunsa kawiri, anatchula maina awiri osiyana. Ndinakumbuka mawu anu aja mukamasankha tomato pamsika, akuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Mwina ndikumuchimwira munthu. Mwina ntchito iliko ndithu, iye sanangolowamo m'nyumba ya makinayo. Atsikana awiri a m'kwaya makolo awo avomera, ndipo basi inyamuka Loweruka. Koma munthu wosadziwa ntchito imene akulembera ana a eni, nanga akudziwa chiyani? Akufuniranji atsikana okhaokha?

Ndiulule tchimo langa. Pasipoti ya Misozi ndaiba ine. Ndaikulunga m'bulauzi yanu yoyera ya Chigwirizano, pansi m'sutikesi yanu imene iye amaopa kutsekula chifukwa imanunkhirabe inu. Wafunafuna nyumba yonse, walira, wanditcha mfiti yansanje yofuna kuti akalambe akutsuka mabotolo ngati ine. Mawu amenewo andilasa, Amayi, chifukwa theka lake n'loona: ndilibe china chomupatsa. Lero ndi tsiku lachinayi osandiyankhula.

Mukanakhalapo mukanangomuyang'ana kamodzi, nkhani n'kutha. Ine maso amenewo ndilibe, ndili ndi sutikesi yokha. Ngati ndamutsekera mwayi, mundikhululukire, naye adzandikhululukire. Koma ndikulonjeza kuti Loweruka basi ija ikamanyamuka, mwana wanu adzakhala pakhomo pano, akudana nane, ndikumuona ndi maso angawa.

Ndimakukondani ndipo ndakusowani kwambiri.

Ine mwana wanu woyamba,
Tisauke