Mkazi mnzanga wa m'bokosi

Okondedwa achemwali Clémence,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno chisanu chatipana, koma thupi lili bwino. Mtima ndiwo wavuta.

Mukudziwa kuti alamu anu, a Anselme, amasamala mitengo ya malalanje kuno ku nyumba ya mfumu. Chisanu chikayamba, mitengoyo amaikokera m'nyumba yakeyake, uliwonse m'bokosi lake, n'kumaisonkhera moto. Pali umodzi wokalamba, umene amati unabwera ndi agogo a mfumu. Umenewo ndiye mkazi mnzanga.

Musaseke. Ine kuno ndimaotha tiziputu, iwo nkhuni zabwino akusenzera mtengo. Ndinadwala chifuwa sabata ziwiri, anangoti ndimwe madzi otentha. Tsamba limodzi la mtengowo litachita chikasu, anakhala masiku atatu osadya. Nditadandaula anati mkazi amanena pomwe pakupweteka, mtengo sunena. Ndinawauza kuti akagone nawo m'bokosimo, uziwaphikiranso.

Nsanje inandidya, achemwali. Tsiku lina ndikuwaperekera chakudya chamasana, ndinatenganso mtsuko wa madzi amchere amene timasungiramo nyama ya nkhumba. Iwo atapita kukatenga nkhuni, ndinakhuthulira onse patsinde pa mtengo uja. Ndinkangofuna kuti udwaleko pang'ono.

Masamba anayamba kuyoyoka. A Anselme anayesa izi ndi izi, osaphula kanthu. Kenako, ine ndili pomwepo, anatapa dothi ndi chala n'kulawa, monga amachitira nthawi zonse. Anandiyang'ana kwa nthawi yaitali.

Kwa mkulu wa minda anakanena kuti ndi iwo analakwitsa manyowa. Ntchito ya zaka makumi awiri yathera pomwepo, ndipo nyumba ino tituluke mwezi ukamatha.

Ndiye ndikupempha, tisungireni kachipinda kaja ka kuseri. A Anselme angathandize alamu m'munda wa mphesa. Chifukwa chake musauze munthu, ngakhale amayi.

Ndikudziwa kuti anandibisa, ndipo ndiyenera kugwada n'kuthokoza. Koma dzulo, pamene antchito amadula mtengo uja, a Anselme anaima pakhomo chipewa chili m'manja, akulira ngati mwana, anthu onse akuona. Ine ndinaima kumbuyo kwawo ndikudzifunsa ngati pa maliro anga adzalire chonchi. Mtengo wafa, achemwali, koma ndikuuchitirabe nsanje.

Mundiperekere moni kwa amayi ndi kwa mng'ono wathu Jacquette. Mulungu akusungeni, ndipo muzindipempherera, poti ine kwa wansembe sindinapitebe.

Ndine mng'ono wanu,
Perrine