Wotchi ya m'magazi anga

Okondedwa mayi a ana,

Musanapitirize kuwerenga, sambani m'manja ndipo mukhale pampando, chifukwa amene akulembayu salinso munthu wamba. Magazi ake akuwerengedwa ndi madokotala ovala magalasi.

Kaya inu muli bwanji kumeneko? Bondo lija likukulolani kuyenda? Ine ndili bwino. Diso limene anandichita opaleshoni lapola, likuona mpaka zolakwa za anthu.

Vuto ndi mwana wathu wamkaziyu. Akuti sindibwereranso kunyumba, ndizikhala kuno aziniyang'anira, chifukwa mutu wanga wayamba kusokonekera. Umboni wake ndi woti ndimadzuka kusanache n'kuyamba kusesa pakhonde ndi kupukuta nsapato za mkamwini, kenaka madzulo ndimawodzera alendo ali pakati pa nkhani. Tsiku lina abwana a mkamwini akupempherera chakudya, ameni wanga anali mkonono.

Basi anandikokera kuchipatala. Dokotala wake, mtsikana msinkhu wa mdzukulu wathu, anandifunsa tsiku ndi mwezi, ndinakhoza zonse. Kenaka anati iwo akufufuza za wotchi ya m'thupi, ndipo anapempha magazi. Ndinamufunsa kuti wotchiyo ndinaimeza liti. Anaseka, nandiuza kuti m'magazi muli tinthu timene timakwera ndi kutsika tsiku lililonse, ndipo akatiyeza amadziwa nthawi imene thupi likuganiza kuti yakwana. Anatenga magaziwo dzuwa lili pamutu, koma zotsatira zinati kwa ine linali litapendeka kale. Akuti wotchi yanga imangothamanga, mutu ulibe mlandu. Anawonjeza kuti wotchiyi inatcheredwa ndi munthu wina amene amatsokomola mbandakucha n'kutsegula chitseko cholira, ndiye singayende bwino kutali ndi iyeyo.

Mwana wanu, wouma mutu ngati amake, sanakhutire. Akuti dokotala sanandione ndili mnyamata, sangadziwe ngati ndasintha kapena ayi.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Muimbireni foni, mumuuze kuti ndinabadwa choncho. Mumuuze za tsiku la ukwati wathu, mmene ndinagonera pampando anthu akuvina, amalume anu n'kumandigwedeza kuti aone ngati mkwati akupuma. Nkhani imeneyi mwandinyoza nayo zaka zonsezi, lero indipulumutse. Ine ndikanena akuti ndi nthabwala, koma inu amakuopani. Mawu anu okha ndiwo angandikweze basi.

Mundiperekere moni kwa achimwene, kwa azakhali, ndi kwa alamu anga amene amati ndine waulesi. Muwauze kuti achipatala andiyeretsa.

Ndine wanu,
Bambo a ana, mwini wotchi

Ndisanamate envelopu ndiulule. Zija za munthu wotsokomola dokotala sananene, ndapeka ndine. Koma nthawi imeneyo ikakwana ndimadzukadi n'kutchera khutu, ndipo zitseko za kuno sizilira. N'chifukwa chake ndimangotenga tsache.