Funso Limene Ndinafunsa pa Semina

Lolemba, 3 Juni

Zokambirana za malipiro zayamba. Ife a bungwe la aphunzitsi mbali ino ya tebulo, akuluakulu a yunivesite mbali inayo, pakati mbale ya mabisiketi odulidwa pawiri. Akuti kumeneko ndiye kupulumutsa ndalama. Ine ndinapita ngati mlembi wa bungwe, udindo umene anandipatsa chaka chatha nditangotuluka pang'ono kukayankha foni.

Wapampando wathu, amene timawatcha a Mwachidule, anati "mwachidule" kenako n'kulankhula mpaka tiyi kuzizira. Msungichuma wa yunivesite anangotambasula manja: thumba ndi lobooka, ndalama kulibe. Magalimoto atsopano ali panjawo akuti anaitanitsidwa mavuto asanayambe.

Kukwezedwa malipiro ndikukufuna, inde, koma chimene chikundidya mumtima ndi kontirakiti yanga. Ikutha mwezi uno. Dipatimenti ya filosofi ndine ndekha, ndi ophunzira atatu. Pemphero langa ndi lakuti mabwana asakumbuke kuti tilipo.

Lachiwiri, 4 Juni

Choko chatha. Ndaphunzitsa ndi kachidutswa kamene ndinatola m'kalasi la masamu.

Lachinayi, 6 Juni

Lero kunabwera mkulu wa yunivesite mwini wake. Anatimvetsera akugwedeza mutu mwachisoni, kenako anati, "Aphunzitsi anga, inu ndinu anthu ofufuza. Ngati mukuti ndalama zilipo, tisonyezeni pamene zili."

Munthu wina aliyense akanayankha kuti bwana, imeneyo ndi ntchito yanu, ife tabwerera malipiro. Koma ife kutipatsa funso kuli ngati kuwazira nkhuku chimanga. Ndinaona maso a anzanga akuwala. A Mwachidule anafunsa kuti yankholo likhale la masamba angati, ndipo wina kumbuyo anafunsa tsiku lomaliza kupereka.

Lachisanu, 7 Juni

Komiti yapangidwa. Komanso ina yoona ngati yoyambayo ikuyenda bwino.

Kafukufuku atsogolera Magilafu, mnzanga wa ku dipatimenti ya zachuma, munthu amene sangakuuze kuti kunja kukugwa mvula asanajambule mzere wokwera. Ntchito tinayamba chaka chimodzi, maofesi athu ndi oyang'anizana, ketulo ndi imodzi.

Anandiimitsa pakhonde. "Achemwali, tsiku la semina ya kafukufukuyu mudzangokhala phee, mwamva? Muzidzangolemba."

Ndinamufunsa chifukwa chake. Anangoti, "Basi, ndanena." Zinandinyansa. Zinayamba liti kuti wa zachuma aziuza wa filosofi kuti atseke pakamwa?

Lamlungu, 9 Juni

Akunyumba afunsanso za kontirakiti. Ndati zikuyenda. Apongozi nawo aimba foni, amva kuti mwina tinyanyala ntchito. Akuti munthu wophunzira sanyanyala, amangodandaula mwaulemu. Ndati zikomo amayi, ndamva.

Lachitatu, 12 Juni

Sindikudziwa ndiyambire pati.

Ife sitingapereke lipoti tisanalichitire semina, zimenezo n'zosatheka. Ndipo pa semina ya pa yunivesite simubweza munthu pakhomo, choncho a Mwachidule anaitananso mabwana, akuti adzaone mmene anthu ophunzira amagwirira ntchito. Msungichuma anakhala mpando wa kutsogolo.

Magilafu anaigwira ntchito, ndisaname. Maulendo akunja a mabwana, mafuta a magalimoto, misonkhano ya ku hotela yokambirana za kuchepetsa misonkhano. Mizere yonse yokwera. Msungichuma thukuta kamukamu. Tinali titawapanikiza pakona, aliyense ankaona.

Kenako pa chithunzi china, m'munsi mwenimweni, ndinaona timalemba ting'onoting'ono: madipatimenti a ophunzira osakwana khumi sanawerengedwe. Popanda chifukwa, popanda kufotokoza. Zaka zonsezi ndakhala ndikulepheretsa ana a eni chifukwa cha khalidwe lomweli, lodumpha pamene pavuta. Ndikulumbira, dzanja linakwera lokha.

"Apampando, kafunso kakang'ono. N'chifukwa chiyani ofufuza asiya madipatimenti ang'onoang'ono? Kafukufuku wosankha poyang'ana si kafukufuku."

Anthu anawomba m'manja. Pulofesa wa zamalamulo anati funso la lero ndi limenelo. Ndinamva kukoma mpaka ku zala za kumapazi. Magilafu anandiyang'ana, n'kuvula magalasi. "Tiwonjezera, achemwali," anatero motsitsa mawu. Msungichuma anasiya kupukuta thukuta n'kuyamba kulemba.

Ndinazindikira chimene ndachita ndili pa masitepe, ndikutsika. Ndinakhala pansi pomwepo.

Lachinayi, 13 Juni

Sindinatuluke mu ofesi. Magilafu analowa yekha ndi makapu awiri.

"Ndinakubisani dala," anatero. "Ndinapinda malamulo a ntchito yanga chifukwa cha inu, inuyo n'kundigwira pagulu ngati wakuba."

Ndinamupempha kuti angoiwala, asawonjezere kanthu. Anati zingatheke bwanji, funsolo lili kale mu maminitsi, ndipo maminitsi apita kwa aliyense. Ndinalemba ndine. Ndinatumiza dzulo lomwelo ndisanatuluke m'chipinda, mwachangu changa chija, funso langa nditalitsekera mzere kunsi.

Tinamwa tiyi. Potuluka anati, "Koma linali funso labwino." Ndinafuna kumugenda ndi kapu.

Loweruka, 15 Juni

Ndawauza akunyumba tikuchapa. Anasiya kufinya malaya, n'kundiyang'ana.

"Amake mwana, akulu amati safunsa anadya phula. Nanga inu wofunsa mwadya chiyani?"

Ndinaseka, kenako kuseka kuja kunasanduka kulira. Anandisiya ndilire, n'kumaliza okha kuyanika zovala. Ndili ndi mantha, ndilembe poyera. Pa msinkhu wangawu ndani angalembe ntchito munthu amene luso lake ndi kupeza polakwika m'mawu a anzake?

Lolemba, 17 Juni

Mphunzitsi wa nyimbo, nayenso wa ophunzira ochepa, wasiya kundipatsa moni. Tinakumana pakhomo la laibulale, anayang'ana denga. Sindikumuimba mlandu.

Lachiwiri, 18 Juni

Mabwana ayankha. Mkulu wa yunivesite akuti sanawerengepo lipoti lozama chotere. Mutu wa madipatimenti ang'onoang'ono aulandira wonse, ndipo ndalama zokwezera malipiro zichokera pamenepo. Mutu wa maulendo ndi magalimoto akuti ukufunika kafukufuku wina. Anzanga anavomera ndi mitu, poti palibe mphunzitsi wa yunivesite amene anakanapo kafukufuku wina. Awiri ayamba kale kukangana kuti atsogolera ndani.

Nditatuluka ndinawathamangira a Mwachidule.

"Apampando, bungwe likanetu zimenezi. Anthu tichotsedwa ntchito."

"Mwachidule, mayi," anatero, "bungwe silingatsutse kafukufuku wake womwe. Tingaoneke ngati anthu osapita kusukulu." Anapitiriza mpaka tinafika pa galimoto yawo. Mawu ambiri sindinawamve, koma ndinamva kuti mutu umodzi susenza denga, ndiponso kuti apanga komiti yoona za ife okhudzidwa. Akufuna mlembi wake ndikhale ine.

Lachinayi, 20 Juni

Ndaphunzitsa. Onse atatu anabwera, wina atawerenga ndithu. Sindinawauze.

Lachisanu, 21 Juni

Tsiku losainirana. Holo yodzaza, ngakhale aja sabwera ku misonkhano ya bungwe anabwera atatchena. Malipiro akwera, pang'ono pokha, koma anthu akukumbatirana ngati akwera kawiri. A Mwachidule anathokoza aliyense, ndipo ananditchula ine mwapadera, akuti funso la mlembi wathu ndi limene linapatsa lipoti mphamvu. M'manja munawombedwanso. Magilafu anali kumbuyo, akuyang'ana nsapato zake.

Anasaina mkulu wa yunivesite. Anasaina a Mwachidule. Kenako pepala linafika kwa ine, poti malamulo a bungwe amati pangano silikhala pangano mlembi asanasaine.

Gawo lachinayi. Filosofi ndi nyimbo zitsekedwa, makontirakiti akatha sadzawonjezeredwa. Ndinaliwerenga pang'onopang'ono, holo yonse ikundidikira. Ndinkafunafuna podumphidwa, mfundo yotsimphina, chilichonse choti ndikwezere dzanja. Ndinabwerezanso kuyambira pamwamba. Panalibe. Magilafu ntchito yake amaidziwa.

Mkulu wa yunivesite anandibwereka cholembera chake, cholemera bwino. Ndikusaina, wojambula zithunzi anati, "Amayi a pakatiwo, tadzutsani mutu pang'ono, mumwetulire."

Ndinadzutsa.